Bambo opuma pantchito akufuna penshoni yonse ipite ku masheya a banki imodzi: ndiwayankhe bwanji?

"Ndine mlangizi wa zachuma pa kampani ina yosunga ndi kuchulukitsa ndalama za anthu ku Lilongwe, ndipo ntchitoyi sindinaikhalitse. Kumayambiriro kwa 2024 kunabwera bambo ena amene anali atangopuma pantchito pa kampani ina ku Kanengo, atalandira K30 miliyoni ya penshoni. Ndinawalangiza kuti tiike ndalamazo m'ma treasury bill (ngongole za nthawi yaifupi zobwereketsa boma) ndi mu money market fund (thumba losonkhamo ndalama za anthu ambiri n'kumazibwereketsa kwa nthawi yaifupi), iwo anavomera. Sabata yatha anabwera atakwiya. Alamu awo anagula masheya a mabanki nthawi yomweyo ndipo ndalama zawo zachuluka kangapo. Akuti ndinawatsekera mwayi, ndiye akufuna ndichotse zonse tigule masheya a banki imodzi imene alamuwo akuitama. Mwana wawo wa ku Joni wayambanso kundiimbira pa WhatsApp kufunsa kuti bambo ake ali ndi zingati kwa ife. Abwana anga akuti ndisataye kasitomala, ndingochita zimene akufuna. Kodi ndinalakwitsa? Nanga pano ndichite chiyani?" Mlangizi wamkazi, Lilongwe

Chemwali, choyamba khazikani mtima pansi. Palibe amene wakhalitsa pa ntchito yathuyi osakumanapo ndi kasitomala wobwera ndi nkhani ya alamu. Lero ndi alamu, mawa ndi mnzawo wa kutchalitchi, mkuja ndi wina pa gulu la WhatsApp la anthu amene anapumira limodzi. Ndipo bambo amene adzuka m'mawa, kukwera minibasi kubwera kudzakukalipirani pamaso, akadali kasitomala wanu. Ovuta ndi aja osayankhula, mumangopeza kalata yotseka akaunti ili pa desiki.

Komatu musafulumire kudziteteza, chifukwa bambowo sakulakwa pa zonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. M'chaka cha 2024 treasury bill ya masiku 364 inkapereka chiwongoladzanja cha 26 peresenti kapena pafupi pamenepo, pomwe za masiku 91 ndi 182 zinkapereka zochepera. Tingoyerekeza kuti K30 miliyoni yonse inalowa m'ya masiku 364. Pakutha pa chaka yabala K7.8 miliyoni. Chotsanipo msonkho wa 20 peresenti umene umadulidwa pa chiwongoladzanja, kwatsala K6.24 miliyoni, ndiye kuti ndalama zawo zakula ndi 21 peresenti osakwana. Chaka chomwecho mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kupitirira, ndipo ya chakudya inali pamwamba pa imeneyo. Kuti agule zimene K30 miliyoni inkagula tsiku limene anatsanzika kuntchito, ankafunika K39 miliyoni, koma iwo ali ndi K36 miliyoni ndi pang'ono. Pa sitetimenti manambala akukwera, koma kugolosale, kufamase ndi kogula feteleza ndalamayo yaonda. Iwo mwina sangawerengere motere, koma m'thumba akumva. Mukawayankha kuti "koma bambo simunataye ngakhale tambala", aona ngati mukuwapusitsa, ndipo sakhala akulakwa kwenikweni.

Munthu wa msinkhu wawo waona kwacha ikugwa kangapo ali maso. Anaona za mu May 2012, anaona 25 peresenti ya mu May 2022, anaonanso 44 peresenti ya mu November 2023 pamene dola inachoka pa K1,180 kapena pafupi pamenepo n'kufika pa K1,700 usiku umodzi. Munthu wopuma ali ndi zaka 60 akhoza kukhala ndi moyo zaka zina makumi awiri kapena kuposa. Ndalama imene ikhale zaka zonsezo ili m'mapepala a kwacha okhaokha idzatha mphamvu iye akadali moyo. Choncho pa funso lanu loti kodi munalakwitsa, ndinena motere: kuteteza ndalama za munthu amene sadzalandiranso salale kunali kuganiza bwino, ndipo alangizi ambiri akanayambira pomwepo. Chimene chikuoneka kuti chinasowa ndi gawo lina loti lizikula pamodzi ndi mitengo, komanso kuwauza bambowo tsiku loyamba lomwe kuti njira imene asankhayo ili ndi mtengo wake. Zonsezi zingathe kukonzedwa pano.

Tsono za masheyazo. N'zoona kuti msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre wachita bwino zedi zaka zapitazi. Mu 2023 mokha muyeso wa masheya onse unakwera kupitirira 70 peresenti, ndipo mabanki ndi amene ankatsogolera. Alamuwo sakunama. Koma inu monga mlangizi muyenera kudziwa chimene chakweza mitengoyo, chifukwa kasitomala amangoona kuti yakwera basi. Mabanki akhala akupanga phindu lalikulu, ndipo gawo lalikulu la phindulo likuchokera kobwereketsa boma pa chiwongoladzanja chokwera. Chinanso, chiyambire lamulo la penshoni la 2011, mwezi uliwonse olemba ntchito amapereka 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro. Ndalama zimenezi zimaunjikana kwa oyendetsa penshoni, amene ayenera kupeza poziika. Kunja sizingatuluke mwachisawawa chifukwa ndalama zakunja n'zosowa. Pa msika wathu makampani sakwana makumi awiri, ngakhale kuti kampani yoyamba, NICO, inalowapo kalekale mu 1996, ndipo masheya ambiri a makampaniwo ali m'manja mwa eni akuluakulu amene sagulitsa. Ogula ambiri akulimbirana masheya ochepa, mtengo uyenera kukwera.

Kuchepa kwa masheya ogulitsidwa komweko ndi kumene kumapweteka zinthu zikatembenuka. Mtengo umene alamu akuwerenga m'nyuzipepala ndi wa malonda omaliza, mwina a munthu amene anagula masheya ochepa chabe. Sizitanthauza kuti pali wina amene wakonzeka kugula a K30 miliyoni pa mtengo umenewo mawa. Zimachitika motere: mumapereka oda kwa broker, amene amagula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa anthu, Lolemba kuti agulitse, Lachitatu mumuimbira akuti dikirani, Lachisanu akukuuzani kuti wapeza ogula kagawo kochepa, otsalawo pokhapokha mutsitse mtengo. Nthawi yonseyo wodwala ali m'chipatala ndipo bilu ikukwera. Chuma cha alamu chikadali pa pepala kufikira tsiku limene adzagulitse ndalama n'kulowa mu akaunti. Ndiponso alamu anagula mitengo ili pansi. Amene akugula lero akugula pa mtengo umene wakwera kale, ndipo kuti ndalama zake zichuluke kangapo, mtengowo uyenera kukweranso kangapo kuchokera pamene wafikapa. Zimenezi palibe angalonjeze.

Pali china chimene alangizi ambiri sachiona, ndipo ndikufuna muchisunge. Treasury bill ndi ngongole imene mwapereka ku boma. Money market fund nayo ndalama zake zambiri zimakhala m'mapepala a boma ndi m'mabanki. Masheya a banki phindu lake lalikulu likuchokera kwa wobwereka yemweyo, boma. Ndiye kuchotsa ndalama m'ma treasury bill n'kuziika mu banki imodzi sikumwaza chiopsezo ayi, ndi kutsatira wangongole mmodzi yemweyo podzera khomo lina, kuwonjezerapo chiopsezo cha kampani imodzi. Ku Ghana, mu December 2022, boma linalengeza kusinthanitsa ngongole zake za m'dziko ndi zina za chiwongoladzanja chochepa ndi nthawi yaitali. Ma treasury bill anawasiya osawakhudza, koma mabanki amene anali ndi ma bond ambiri, amene ndi mapepala a ngongole za boma za nthawi yaitali, analuza kwambiri chaka chimenecho. Sindikulosera kuti kuno zidzatero. Ndikungonena kuti mawu oti "boma silingalephere kubweza" ndi oti "banki singagwe mtengo" musamawatulutse pakamwa panu pamaso pa kasitomala.

Nanga msonkhano wotsatirawo uyende bwanji? Aimbireni nokha, musadikire kuti abwerenso. Apempheni abwere ndi mayi a kunyumba ngati iwo angalole, ndipo patulani ola lathunthu. Mphindi zoyambirira asiyeni ayankhule mpaka atope, inu muzilemba. Musawadule pakamwa ndi manambala. Bambo wamkulu amene akuona kuti mtsikana wa msinkhu wa mwana wake akumutsutsa pamaso pa mkazi wake sangamve chilichonse, ngakhale chikhale choona chotani. Akamaliza, yambani ndi pamene akunena zoona: "Bambo, mwanena zoona, ndalama yanu yakula pang'ono poyerekeza ndi mmene zinthu zakwerera, ndipo tiyenera kusintha zina." Mukatero mkwiyo umatsika, chifukwa chimene anabwerera ndi choti wina avomere kuti madandaulo awo ali ndi mutu.

Kenako bwererani ku mafunso amene amayenera kufunsidwa munthu asanasankhe poika ndalama, ndipo muwafunse mofatsa ngakhale munawafunsapo kale, popeza zaka ziwiri zimasintha zambiri panyumba. Penshoni ya pamwezi akulandira zingati, ndipo panyumba pamatuluka zingati? Ndani akadali pasukulu, ndipo fizi ndi zingati pa teremu? Mankhwala a BP kapena a shuga amagula okha? Sikimu ya zachipatala, kaya ndi MASM kaya ina, inatha tsiku limene anapuma kapena akulipirabe okha? Nyumba imene akukhalamo ndi yawo, ndipo inatha kumangidwa? Amalima, ndipo feteleza wa mu October ndi November ndalama yake imachokera kuti? Pali ngongole, kaya ku SACCO, kaya ku banki m'khonde ya mayi, kaya kwa katapila? Funso lomalizali anthu sayankha msanga, mumalifunsa mukuyang'ana pa pepala osati m'maso. Ndipo pali limodzi limene ndimaliona kuti limatsegula zambiri: "Pa ndalama imeneyi, pali ina imene munailonjeza kale kwa wina?" Apa ndi pamene mumamva za nyumba ya kumudzi imene ikudikira malata, za mdzukulu amene wasankhidwa kupita ku LUANAR, za mlongo wamasiye amene amawadalira. Kawirikawiri mayi ndi amene amayankha mafunso amenewa molondola, n'chifukwa chake ndati abwere.

Fomu ija yoyesa kuti munthu angapirire chiopsezo chotani musaidalire yokha. Pafupifupi aliyense amachonga bokosi lapakati kuti asaoneke wamantha kapena wosasamala. Funsani m'makwacha: "Bambo, mutadzuka mawa n'kumva kuti K30 miliyoni ija yasanduka K20 miliyoni, ndipo ikhala choncho zaka ziwiri, panyumba pasintha chiyani?" Akati palibe, penshoni ya pamwezi ndi lendi zikukwanira, ndiye kuti ali ndi mpata wogula masheya ochulukirapo. Akakhala chete n'kuyang'ana mayi, yankho mwalipeza.

Mukamafotokoza dongosolo latsopano, tengani pepala loyera mujambule mizere iwiri kuti pakhale zigawo zitatu, ndipo lankhulani za nkhokwe, chifukwa palibe Mmalawi amene sadziwa kuti chimanga cha m'nkhokwe sichonse chogulitsa. Pali chodya, pali cha mbewu, pali chogulitsa mtengo ukakoma. Chodya ndi ndalama zimene zidzafunika chaka chino ndi chamawa pamwamba pa penshoni ya pamwezi, kuphatikizapo za matenda ndi maliro. Izi zikhale pamene angazitenge m'masiku ochepa, monga mu money market fund, ngakhale phindu lake likhale lochepa. Cha mbewu ndi ndalama za zinthu zodziwika zimene zikubwera m'zaka zitatu kapena zisanu, fizi ya ku koleji, denga la nyumba, ndi mpamba umene uziwabalira chiwongoladzanja. Izi zikhoza kukhala m'ma treasury bill ndi mapepala ena a boma okhwima nthawi zosiyanasiyana, kuti zisamatsekeke zonse tsiku limodzi. Chogulitsa ndi chimene chatsala, ndalama imene angailekerere zaka zisanu kapena khumi osaikhudza. Imeneyi ndiyo ya masheya. Amene wasunga chodya sakakamizidwa kugulitsa mtengo uli pansi, ndipo pa msika wa masheya amene amaluza kwambiri ndi wogulitsa mokakamizidwa.

Sindikupatsani nambala yoti peresenti yakuti ipite kwakuti, chifukwa mayankho a bambowo ndi amene adzaze zigawo zitatuzo. Munthu amene penshoni yake ya pamwezi ikukwanira kudya, ali ndi nyumba yake ndipo ana anamaliza sukulu, akhoza kuika gawo limodzi mwa magawo atatu m'masheya osasowa tulo. Amene akadali ndi ana atatu pasukulu ndipo akukhala pa lendi, gawo lake likhala laling'ono zedi. Chofunika n'choti manambalawo alembe okha ndi dzanja lawo pa pepalalo, inu muziwathandiza kuwerengera. Dongosolo limene munthu walemba yekha salitaya chifukwa cha nkhani ya pa maliro.

Gawo la masheyalo lisapite ku kampani imodzi, ngakhale ku mabanki okhaokha. Pa msika wathu pali a mafoni monga Airtel Malawi ndi TNM, pali Illovo ya shuga, pali Press Corporation imene ili ndi manja m'mabizinesi angapo, pali a nyumba monga MPICO ndi ICON Properties, palinso NITL imene ntchito yake ndi kusunga masheya a makampani ena. Sindikutchula mainawa kuti mugule onse, koma kuti muone kuti mpata womwaza ulipo ngakhale msika ndi waung'ono. Kwa munthu amene sadzatsatira malipoti a makampani, unit trust ya masheya, thumba limene anthu ambiri amasonkhamo ndalama kuti akatswiri aziwagulira masheya a makampani osiyanasiyana, imakhala yosavuta, bola muwauze ndalama imene amadula chaka chilichonse. Banki imene alamu akuitamayo ikhoza kukhalamo, ndipo ndi bwino ikhalemo ngati manambala ake akukhutiritsani, kuti bambowo asamamve ngati mwawamana dala. Musaphwanye ma treasury bill asanakhwime, mudzataya chiwongoladzanja pachabe. Iliyonse ikakhwima, tengani gawo mugule masheya, motero mulowa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo m'malo moponya zonse pa mtengo wa tsiku limodzi. Auzeni zonse zimene zimadulidwa: ya broker pogula ndi pogulitsa, msonkho wa 10 peresenti pa dividendi, limene ndi phindu limene kampani imagawira eni masheya, ndipo za msonkho wa phindu logulitsira masheya onani zimene a MRA akunena chaka chimenecho, popeza bajeti imasintha zinthu zimenezi. Adzafunikanso akaunti ya CSD, kaundula wa pakompyuta mmene masheya a munthu amalembedwa, m'dzina lawo, ndipo dzina la pamenepo ligwirizane ndi la pa chiphaso cha unzika chilembo ndi chilembo, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi kumadzavutitsa amasiye.

Akatchula zomanga nyumba ya lendi kapena kugula malo, musazinyoze chifukwa choti kampani yanu sipezapo kanthu. Kwa anthu ambiri kuno, nyumba ndi imene yawateteza ku kugwa kwa kwacha. Ingowakumbutsani za mapepala a malo, za mtengo wa simenti umene umasiya nyumba zambiri zili pa lintala, ndi za alendi osalipira.

Tsono tiyerekeze kuti mwafotokoza zonsezi koma bambowo aumirirabe kuti zonse zipite ku banki imodzi. Ndalama ndi zawo, ndipo munthu wamkulu wa nzeru zake ali ndi ufulu wochita nazo zimene inu simukugwirizana nazo. Koma kulangiza ndi kwina, kukwaniritsa lamulo la kasitomala ndi kwina, ndipo fayilo iyenera kuonetsa kuti apa pachitika chiti. Lembani kalata yaifupi yonena zimene munawalangiza, zifukwa zake, zoopsa zimene munawauza, ndi kuti iwo asankha njira ina mwa kufuna kwawo. Ngati Chichewa ndi chimene amamva bwino, ilembeni m'Chichewa kapena muwawerengere mokweza m'Chichewa pamaso pa mboni ya mu ofesi. Apempheni apite nayo kunyumba, abwere nayo pakatha sabata atasaina. Ambiri akagona nayo kalata yotere amabwera atasintha maganizo, amati tiyambe ndi theka. Ena amasainadi, ndipo amenewo muwathandize ndi nkhope yabwino, osanyanyala. Mukawasonyeza kuti mwakhumudwa, tsiku limene mtengo udzagwe adzachita manyazi kukuimbirani, ndipo adzagulitsa okha pa nthawi yoipa.

Za abwana anu ndinene mosabisa. Mawu oti "ingochitani zimene akufuna" amanenedwa pakamwa, koma pa fomu pamakhala siginecha yanu. Makampani a ntchito yathu amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, potsatira malamulo monga Financial Services Act ndi Securities Act a 2010. Kasitomala akadzadandaula kumeneko, funso lidzakhala loti kodi uphungu unagwirizana ndi moyo wa munthuyo, ndipo yankho adzalifuna m'fayilo. Choncho lemberani abwana imelo yaulemu yofotokoza nkhaniyi ndi njira imene mukufuna kutsata, ndipo tumizaninso kwa wa compliance, amene amaonetsetsa kuti kampani ikutsatira malamulo. Sikuwaneneza ayi, ndi mmene ntchito imayendera. Ndiponso abwanawo chimene akufuna ndi choti kasitomala asachoke, ndipo dongosolo la zigawo zitatu lija limawasunga bambowo kuposa kuwaponya pa kampani imodzi.

Pa nkhani yomweyi, auzeni bambowo mmene inu mumapezera malipiro. Ngati pali komishoni pa chinthu china chimene mukuwalangiza, nenani musanafunsidwe. Anthu sakhumudwa kuti mlangizi amalipidwa, amadziwa kuti nanunso mumadya. Amakhumudwa akazimvera kwa wina.

Mwana wa ku Joni musamuuze kanthu, ngakhale kuvomera kuti bambo ake ali ndi akaunti kwa inu. Muyankheni mwaulemu kuti, "Pepani achimwene, za ndalama za munthu sitikambirana ndi wina popanda chilolezo cholembedwa cha mwini wake, lankhulani ndi abambo." Kenako auzeni bambowo kuti mwana wawo anaimba. Mwina mnyamatayo ali ndi mtima wabwino, akuda nkhawa kuti bambo ake aberedwa. Mwinanso akufuna mpamba wa bizinesi yake ndipo akuyeza kaye kukula kwa thumba. Zimenezo si zanu kuweruza. Ndiponso nambala yoyamba ndi +27 yokhala ndi chithunzi cha mwana wawo si umboni woti ndi iyeyo, akuba a pafoni amatenga zithunzi pa Facebook. Lamulo lililonse lochotsa ndalama lobwera pa WhatsApp kapena pa imelo, litsimikizeni poimbira bambowo pa nambala imene ili m'fayilo, ndipo ndalama zizipita ku akaunti ya ku banki ya dzina lawo yokha. Inunso musalandire ndalama ya kasitomala pa Airtel Money kapena Mpamba yanu, ngakhale akuchondereni kuti ali kutali. Ngati bambowo akufuna mwana wawo azidziwa zonse, alembe chilolezo, ndipo chinene momveka ngati mwanayo aziona chabe kapena azitha kulamula.

Kuimba kwa mwanayo kukupatseni mpata wofunsa za wilo. Nkhaniyi ambiri amaiopa, amati ndi kuitana imfa, koma mlangizi amene wakhala nawo pansi ola lathunthu angathe kuifunsa mosavuta. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, komabe popanda wilo zinthu zimachedwa ndipo achibale amalowerera. Afunseninso ngati fomu yosankha olandira penshoni ili ndi maina oyenera, chifukwa ena anailemba asanakwatire ndipo sanaisinthe. Mayi a kunyumba adziwe dzina la kampani yanu ndi pamene mapepala amasungidwa. Ndalama zambiri zimagona m'maofesi athu chifukwa mwini wake anamwalira osauza aliyense.

Zikakhazikika, musawaiwale mpaka chaka chamawa. Kaimbireni miyezi itatu iliyonse, mphindi zisanu zokwanira, muwawerengere sitetimenti m'mawu osavuta ndipo nthawi zonse muziyerekeza phindu ndi kukwera kwa mitengo, osati kungotchula peresenti yokoma. Msika ukagwa, imbani inuyo iwo asanamve pa wailesi. Imeneyi ndi foni imene alangizi achinyamata amaiopa kwambiri, koma ndi imene kasitomala amaikumbukira. Simufunika kukhala ndi mawu ambiri, mungowakumbutsa pepala la zigawo zitatu lija ndi kuti ndalama za chaka chino sizinakhudzidwe.

Pali malo amene nzeru zanu zokha sizikwanira, ndipo kupempha thandizo sikuchepa. Za wilo ndi chilolezo choti wina aziwayendetsera chuma, atumizeni kwa loya. Za misonkho, makamaka ngati ali ndi lendi kapena bizinesi pambali, akaonane ndi akauntanti wovomerezeka ndi ICAM, bungwe la maakauntanti. Kusankha masheya enieni, ngati laisensi ya kampani yanu kapena udindo wanu sukufika pamenepo, khalani pansi ndi woyendetsa thumba wa pa ofesi panu kapena broker wovomerezeka. Bambowo akanena kuti akufuna kudandaula mwalamulo, musawanyengerere kuti asiye. Apatseni njira ya madandaulo ya kampani yanu, muwauzenso kuti akapanda kukhutira angathe kupita kwa Registrar. Akayamba kunena za gulu lina limene likulonjeza kuchulukitsa ndalama mwezi uliwonse bola abweretse anzawo, afunseni laisensi ya gululo ndipo dziwitsani wa compliance tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mukaona ndalama zachilendo zikulowa kapena kutuluka mosagwirizana ndi zimene mukudziwa za iwo, nkhaniyo ndi ya wa compliance, amene amadziwa nthawi yolembera a Financial Intelligence Authority, bungwe la boma lofufuza za ndalama zokayikitsa, ndipo kasitomala simumuuza kuti mwanena.

Chomaliza ndi chovuta kuchizindikira. Mukaona bambowo akuiwala zimene munagwirizana sabata yatha, akufunsa funso limodzi katatu pa msonkhano umodzi, kapena akubwera ndi munthu amene akuwayankhira chilichonse iwo ali duu, imitsani kaye zochotsa ndalama zikuluzikulu ndipo dziwitsani akuluakulu anu molemba. Pemphani kulankhula nawo paokha, popanda wowaperekezayo, ndipo ngati anakupatsani dzina la wachibale wodalirika, kampani yanu ione njira yoyenera yomudziwitsira kuti akaonane ndi dokotala.